Akati mungathe kugwira ntchito pomwe maganizo akudwala: kuchita apilo ya ndalama za odwala ku Britain

Kalata yake imabwera mu envulopu ya khaki, ndipo ambiri timayamba taibisa pansi pa mapepala ena kwa masiku angapo. Mukalimba mtima n'kuitsegula, mupeza kuti a DWP, nthambi ya boma la Britain yoona za ntchito ndi penshoni, agamula kuti mungathe kugwira ntchito. Mapointi akupatsani 0. Chonsecho mwatha miyezi tulo tisakubwera, foni ikalira mtima umadumpha, ndipo pali masiku amene ngakhale kusamba kumakukanikani.

Chigamulo chimenechi chimatsutsika, ndipo kuchitsutsa salipiritsa. Malangizo awa ndi a anthu okhala ku England, Wales ndi Scotland amene amanidwa ESA (Employment and Support Allowance, ndalama za olephera kugwira ntchito chifukwa cha matenda), kapena gawo la odwala la Universal Credit (ndalama za boma zothandiza opeza zochepa), atawayeza pa chimene amachitcha Work Capability Assessment, kuyeza ngati munthu angathe kugwira ntchito. Apilo ya PIP (Personal Independence Payment, ndalama zothandiza olumala ndi odwala matenda okhalitsa) imayenda njira yomweyi, kungoti mafunso ake ndi ena. Ku Scotland m'malo mwa PIP kuli Adult Disability Payment yomwe ili ndi njira yakeyake, ndipo ku Northern Ireland maofesi ndi mafomu ndi ena.

Tisanayambe, pali chinthu chimodzi chimene chimatigwetsa ife a Malawi makamaka. Tinaleredwa kuti munthu akakufunsa kuti muli bwanji, yankho ndi limodzi: ndili bwino, kaya inu. Ngakhale pasiwa timayankha kuti tadzuka. Ukamapita kukaonana ndi a boma umasamba, kusita zovala, kupukuta nsapato, n'kukakhala mwaulemu ukumwetulira, chifukwa kuoneka wosokonezeka pamaso pa mlendo n'kuchititsa manyazi banja. Komanso palibe amene amafuna kuti pamsonkhano wa a Malawi anzake kumveke zoti uje wachita misala. Ndiye woyeza uja amalemba zimene waona: wavala mwaukhondo, akuyankhula bwinobwino, wati ali bwino. Ulemu umene kwathu ndi chuma, pano wasanduka umboni wokutsutsani. Apilo yonse ndi mwayi wokonza zimenezi, wonena zoona zake za moyo wanu mwatsatanetsatane ngakhale zili zowawa kuzitchula.

Choyamba, yang'anani deti la pakalatapo

Muli ndi mwezi umodzi wotsutsa chigamulocho kuwerengera kuchokera pa deti lolembedwa pakalatayo, osati tsiku limene mwaitsegula. Ngati mweziwo wadutsa kale, pemphanibe. Malamulo amalola pempho lochedwa mpaka miyezi 13 kuchokera pa tsiku la chigamulo, bola mufotokoze chimene chinakuchedwetsani. Matenda omwewo ndi chifukwa chomveka. Lembani mmene zinalili, kuti munagonekedwa m'chipatala, kapena kuti mumaopa kutsegula makalata mpaka mlongo wanu atabwera.

Akuluakulu amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma matenda a maganizo amafoola dzanja lomwelo lotsekulira. Choncho sabata yomweyo pezani munthu woti aziyenda nanu pankhaniyi, wachibale kapena mnzanu wosunga chinsinsi, ndiponso mlangizi wodziwa malamulo ake. Alangizi aulere amapezeka ku Citizens Advice, ku Law Centre, komanso m'makhonsolo ena muli ofesi yothandiza pa nkhani za ndalama za chithandizo. Mabungwe a Mind ndi Rethink Mental Illness alinso ndi malangizo olembedwa poganizira odwala maganizo. Alangiziwa amachepa ndipo mizere imatalika, ndiye musadikire kuonana nawo mpaka deti lidutse. Tumizani pempho kaye, zina mudzawonjezera.

Kwa amene muli pa viza yolembedwa kuti simuloledwa kulandira ndalama za boma, Universal Credit ndi PIP zili m'gulu loletsedwalo. ESA ya mtundu watsopano, imene imachokera pa ndalama za National Insurance zomwe munkadulidwa pa malipiro, siili m'gulu limenelo. Funsani wodziwa malamulo a za olowa m'dziko musanapemphe chilichonse.

Chachiwiri, itanitsani lipoti, ndipo muphunzire mmene amawerengera

Imbani pa nambala imene ili pakalata ija mupemphe kope la lipoti la woyeza. La ESA limatchedwa ESA85, la Universal Credit ndi UC85. Musaliwerenge muli nokha usiku. Kuwerenga mlendo akulemba kuti mulibe vuto kumapweteka, ndipo ena kumawabwezera kumbuyo. Zikakulemerani kwambiri, a Samaritans amayankha usana ndi usiku pa 116 123 kwaulere, a NHS, a zipatala za boma, amapezeka pa 111, ndipo ngati moyo uli pangozi imbani 999.

Tengani cholembera muchonge paliponse pamene alakwitsa, kapena pamene alemba theka la zimene munanena. Mwina munati mumapita ku shopu kamodzi pa sabata, usiku kukakhala kulibe anthu, ndi mwana wanu, koma iwo angolemba kuti mumapita ku shopu. Malo ngati amenewa ndiwo mitu ya apilo yanu.

Tsopano chinthu chofunika kuchimvetsa bwino ndi ichi. Dzina la matenda pa lokha silibweretsa pointi ngakhale imodzi. Kaya dokotala anati ndi depression, bipolar, PTSD kapena schizophrenia, iwo amayang'ana zimene matendawo akukulepheretsani. Kumbali ya maganizo amayeza zinthu 7. Amayang'ana ngati mungaphunzire kuchita kantchito katsopano, ngati mumazindikira zoopsa monga moto ndi mipeni, ngati mungayambe ndi kumaliza zochita zanu popanda wokukumbutsani, ngati mumapirira zinthu zikasintha, ngati mungapite kwinakwake panokha, ngati mungacheze ndi anthu, komanso ngati mumatha kudzigwira pakati pa anzanu. Pa chilichonse pali masitepe a mapointi 6, 9 kapena 15. Mukufunika 15 pamodzi, ndipo mapointi a maganizo amaphatikizidwa ndi a thupi, choncho ngati mulinso ndi msana kapena mawondo musawasiye.

Tiyerekeze mayi amene ankagwira ntchito ya usiku yosamalira okalamba, ndipo tsopano nkhawa yamugwira. Sangafike ngakhale kwa GP wake (dokotala wake wa nthawi zonse), malo amene akuwadziwa bwino, popanda womuperekeza. Pamenepo pali mapointi 9. Nthawi zambiri sangayankhule ndi munthu wachilendo chifukwa amanjenjemera n'kuyamba kulira. Apo pali 6. Zakwana 15, ndipo sitinawerengeko zoti akamusinthira nthawi ya apointimenti tsiku lomwelo, tsiku lonse limamuthera pomwepo, zomwenso zili ndi mapointi 6. Mayi yemweyu angathe kupatsidwa 0 ngati poyezedwa anangoti amavutika ndi nkhawa koma akuyesetsa ndi chithandizo cha Mulungu.

Kutha kuchita chinthu kamodzi sikutanthauza kuti mumachitha. Funso ndi lakuti kodi mungachichite mobwerezabwereza, mosadziika pangozi, masiku ambiri. Ngati munapita ku ukwati wa mwana wa achimwene anu koma pambuyo pake munagona masiku atatu osatuluka m'chipinda, masiku atatuwo ndi mbali ya yankho.

Palinso lamulo lina limene odwala maganizo ambiri amapambanira ngakhale mapointi asakwane. M'Chingerezi amati substantial risk. Tanthauzo lake ndi lakuti ngati kukuuzani kuti mugwire ntchito, kapena kuti muzipita ku maphunziro okonzekera ntchito, kungaike thanzi lanu kapena la munthu wina pangozi yaikulu, ayenera kukutengani ngati wosatha kugwira ntchito. Apa m'pamene mbiri yofuna kudzipha, yodzivulaza, yogonekedwa m'chipatala kapena yobwerera m'matenda mukapanikizika imafunika kutchulidwa poyera. Lamuloli lingakulowetseninso m'gulu lapamwamba, limene ku ESA amati support group ndipo ku Universal Credit amati LCWRA. M'gulu limeneli ndalama zimakhala zochulukirapo ndipo sakukakamizani kukonzekera ntchito. Choncho ngakhale amene mwapatsidwa mapointi 15 koma mwaikidwa m'gulu lapansi, muli ndi ufulu wochita apilo.

Chachitatu, pemphani kuti aunikenso

Kuyambira mu Okutobala 2013, musanapite kubwalo muyenera kupempha a DWP eni ake kuti aonenso chigamulo chawo. Sitepe imeneyi imatchedwa mandatory reconsideration. Mungaimbe foni, kulemba kalata, kudzaza fomu ya CRMR1, kapena kulemba mu journal yanu (malo olemberana mauthenga ndi a DWP mu akaunti yanu ya pa intaneti) ngati muli pa Universal Credit. Ine ndimalimbikitsa kulemba, chifukwa pafoni ulemu uja umabwereranso ndipo sipatsala umboni m'manja mwanu. Sungani kope, ndipo potumiza pemphani ku positi ofesi kapepala kotsimikiza kuti mwatumiza, kamene amapereka kwaulere.

M'kalatamo tchulani chinthu chimodzichimodzi, mapointi amene mukuona kuti akukuyenerani, ndi chitsanzo chenicheni cha zimene zinachitika. Musataye mizere pokalipira woyeza. Pa sitepe ino zigamulo zambiri sizisintha, ndipo anthu ochuluka amalekera pomwepa poganiza kuti akanidwa kawiri ndiye kuti basi. Ayi. Yankho lawo limabwera m'kalata yotchedwa mandatory reconsideration notice, ndipo kalata imeneyo ndiyo kiyi wolowera kubwalo kumene nkhani yanu idzamvedwa ndi anthu osagwira ntchito ku DWP.

Pali gulu limodzi limene lingadumphe sitepe ino. Mu Julayi 2020 bwalo la High Court, pa mlandu wa Connor, linagamula kuti anthu a ESA amene ali ndi ufulu wolandira ndalama podikira apilo asakakamizidwe kudutsa kaye pa kuunikanso. Kawirikawiri awa ndi amene auzidwa koyamba kuti angathe kugwira ntchito. Kalata yanu ya chigamulo imanena ngati mungapite kubwalo mwachindunji.

Nanga mudya chiyani podikira? Pitirizani kutenga fit note, kalata yotsimikiza kuti mukudwala, kwa dokotala osadukiza. Ngati muli m'gulu ndangotchulali, apilo ikalandiridwa pemphani a DWP kuti ayambirenso kukupatsani ESA ya mlingo woyambira. Ngati muli pa Universal Credit, ndalama zanu za nthawi zonse zimapitirira, koma angayambe kukuuzani kuti muzisaka ntchito. Lembani mu journal kupempha work coach wanu, amene amayang'anira za kusaka ntchito kwanu, kuti achepetse zimene akukufunsani molingana ndi matenda anu, ndipo tsiku limene mwalephera kupita nenani chifukwa chake tsiku lomwelo kuti asakuduleni ndalama.

Chachinayi, tumizani apilo

Apanso ndi mwezi umodzi kuchokera pa deti la kalata yachiwiri ija. Mungachite pa intaneti pa GOV.UK kapena kudzaza fomu ya SSCS1. Apilo imapita ku HM Courts and Tribunals Service, ndipo bwalo lake ndi First-tier Tribunal. Pa malo olembapo zifukwa simukufunika chilankhulo cha maloya. Zimene munalemba pa sitepe yachitatu zingakwane.

Pafomupo pali funso limodzi limene ndikupemphani muliganizire bwino. Adzakufunsani ngati mukufuna kudzakhalapo pomva nkhani yanu, kapena angogamula poona mapepala. Munthu wa nkhawa amathamangira mapepala, ndipo m'pomveka. Koma amene amaonekera amapambana kwambiri kuposa amene amasiyira mapepala, chifukwa woweruza akakufunsani n'kukumvani amaona zimene lipoti linaphonya. Ngati kupita kumaloko n'kosatheka, sankhani foni kapena vidiyo muli kunyumba kwanu.

Pemphaninso womasulira Chichewa ngati mukumufuna, ndipo mulembe Chichewa ndi Nyanja zonse ziwiri kuti asavutike kumupeza. Salipiritsa, ndipo ndi bwalo limene limamupeza, osati inu. Musachite manyazi poti mumayankhula Chingerezi kuntchito. Chingerezi chogwirira ntchito ndi china, chofotokozera zimene zimakuchitikirani mumtima pakati pa usiku ndi china. Ngati mukuopa kuti womasulirayo angakhale munthu wokudziwani, poti ife kuno tilipo ochepa, lembani nkhawa imeneyo pafomupo. Lembaninso zina zokuthandizani, monga nthawi ya masana ngati mankhwala amakufoolani m'mawa.

Chachisanu, sonkhanitsani umboni

Bwalo limayang'ana mmene munalili pa tsiku limene a DWP anagamula, osati pa tsiku lomva apilo, ngakhale patadutsa miyezi yambiri. Kalata yolembedwa pambuyo pake imalandiridwa, bola inene kuti zimene ikufotokozazo zinalinso choncho pa nthawi ya chigamulo. Uzani aliyense wokulemberani kalata kuti atchule zimenezi.

Umboni wabwino umachokera kwa amene amakuonani kawirikawiri: namwino wa za maganizo amene amakuyenderani, dokotala wa za maganizo, mlangizi amene mumakambirana naye, kapena GP. Kalata yongoti uyu ali ndi depression ndipo akumwa mankhwala siithandiza kwenikweni. Apatseni mndandanda wa zinthu 7 zija, muwafunse kuti anene zimene akudziwa pa chilichonse, ndiponso chimene chingachitike mutakakamizidwa kusaka ntchito. Ma GP ena amalipiritsa kalata yotere. Ngati ndalama palibe, pemphani kope la mbiri yanu ya kuchipatala, limene mwalamulo mumapatsidwa kwaulere, n'kusankhamo masamba ofunika. Makalata otulutsidwira m'chipatala, ndondomeko ya chisamaliro ndi mndandanda wa mankhwala, zonsezi ndi umboni umene mwina muli nawo kale m'kabati.

Musapeputse kalata ya munthu wa m'nyumba mwanu. Mkazi amene amabisa mankhwala n'kumapatsa mwamuna wake a tsiku limodzi okha, mwana amene amazimitsa chitofu mayi ake ataiwala poto pamoto, mnzanu amene amabwera Loweruka kudzatsegula makalata, awa amadziwa zimene dokotala wa mphindi 10 sangazione. Alembe dzina lawo, ubale wawo ndi inu, zimene amakuchitirani ndi kangati pa sabata, asaine n'kuika deti. Inunso lembani zochitika tsiku ndi tsiku kwa sabata imodzi kapena ziwiri: mwadzuka nthawi yanji, mwadya kapena ayi, wakukumbutsani ndani, mwatuluka panja kapena ayi.

Lipoti limakonda kunena kuti munthuyu sakuonana ndi katswiri aliyense, ndiye kuti matenda ake si aakulu. Yankhani mfundo imeneyi mwachindunji. Ngati muli pamzere wodikira, onetsani kalata yake. Ngati munachedwa kupita kuchipatala chifukwa munayamba mwapita kwa abusa ndi ku mapemphero, kapena chifukwa kwanu matenda otere satchulidwa, nenani choncho. Ndi zoona, ndipo zimafotokoza chifukwa chake mbiri yanu ya kuchipatala ili yaifupi pomwe kudwala kunayamba kale.

Chachisanu ndi chimodzi, mtolo wa mapepala ndi foni yosayembekezera

A DWP amayenera kuyankha apilo pasanathe masiku 28, ndipo mudzalandira mtolo wa mapepala wokhala ndi manambala pa tsamba lililonse. Onani ngati zonse zimene munatumiza zilimo. Umboni watsopano tumizani kubwalo msanga, osadikira tsiku lenilenilo.

Nthawi zina a DWP amaimba foni apilo isanamvedwe n'kunena kuti asintha chigamulo. Simukakamizidwa kuvomera pafoni pomwepo. Pemphani nthawi yokambirana ndi mlangizi wanu. Akakupatsani gulu lapansi pomwe inu mukuona kuti mukuyenera lapamwamba, mukavomera apilo yoyamba ija imatha, koma muli ndi ufulu wochita ina pa chigamulo chatsopanocho.

Tsiku lomva apilo

Kudikira kumatenga miyezi. Tsikulo likafika, dziwani kuti simukuimbidwa mlandu. Pa apilo ya ESA kapena Universal Credit pamakhala woweruza ndi dokotala, atakhala patebulo, atavala zovala wamba. Pa PIP pamawonjezereka munthu wachitatu wodziwa za ulumali. Nthawi zina pamakhalanso woimira DWP. Dokotalayo sakuyezani thupi, amangofunsa mafunso. Tengani munthu wanu uja, amaloledwa kulowa nanu, ndipo kumapeto mungapemphe kuti naye anenepo zimene amaona.

Valani mmene mumavalira masiku onse. Akakulonjerani kuti muli bwanji, yankhani zoona, kuti simunagone, kuti mwasanza m'mawa chifukwa cha mantha. Adzakufunsani mmene mwafikira kumeneko, amene amaphika kwanu, ngati mumapita ku tchalitchi, ngati mumaperekeza ana kusukulu. Mafunso amenewa akuyeza zinthu 7 zija, ndiye musayankhe eya kapena ayi n'kusiyira pomwepo. Ngati mumapita ku tchalitchi, nenani kuti kangati pa mwezi, ndi ndani, mumakhala kumbuyo pafupi ndi khomo, ndipo mumatuluka anthu asanayambe kupatsana moni. Musawonjezere zimene kulibe, ndipo musachepetse zimene zilipo. Nenani kuti pa sabata masiku oipa ndi angati, abwinoko ndi angati. Funso likapanda kumveka pemphani alibwereze. Misozi ikabwera isiyeni, ndipo mungapemphe kupuma pang'ono.

Angakufunseni za maganizo ofuna kudzipha. Funso limeneli ndi lolemera, makamaka mkazi kapena mwana wanu ali pomwepo. Ngati simungathe kulinena pakamwa, lilembeni papepala pasadakhale mutumize pamodzi ndi umboni, n'kuuza woweruza kuti zili pa tsamba lakutilakuti.

Bwalo lili ndi mphamvu yochepetsa zimene munapatsidwa kale, koma liyenera kukuchenjezani kaye. Mukamva chenjezo lotere pemphani kuti nkhani iimitsidwe mukafunse mlangizi. Sungani matikiti a basi kapena sitima, chifukwa ndalama zoyendera amabweza.

Chigamulo amakupatsani tsiku lomwelo kapena chimabwera pa positi patapita masiku ochepa. Mukapambana, a DWP amakulipirani ndalama zonse zimene munayenera kulandira kuyambira kumbuyo kuja. Mukalephera, muli ndi mwezi umodzi wopempha statement of reasons, chikalata chofotokoza zifukwa zonse za woweruza. Chipempheni ngakhale mutatopa, chifukwa popanda icho n'kovuta kupita ku Upper Tribunal, bwalo limene limangomva nkhani ngati loyamba lija linalakwitsa pa lamulo, mwachitsanzo ngati silinaganizire konse za ngozi ija kapena linanyalanyaza kalata ya namwino wanu osanena chifukwa. Chikalatacho chikafika pitani nacho kwa mlangizi sabata yomweyo, poti kupempha chilolezo chopitira patsogolo kulinso ndi mwezi umodzi wokha. Ndipo ngati matenda akula kuyerekeza ndi nthawi ya chigamulo choyamba, uzani a DWP mupemphe kuti akuyezeninso, mutanyamula fit note yatsopano yonena zimene zasintha.